Nambala 200 ya Mwana wa a Belita

Kumunsi kwa Michesi, Phalombe
9 Julayi 2001

Lingson mwana wanga,

Moni kumeneko ku Joni. Ndine amako Ida. Ndikulankhula pakamwa, akulemba ndi a Wanangwa, aphunzitsi aja a ku Rumphi okhala nyumba ya sukulu. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse. Kuno tilipo, kupatula mwendo uja. Nandolo wayamba maluwa, koma chimanga chaka chino madzi anachipha. Bulangete unanena lija silinafike, ndipo mphepo ya phiri ukuidziwa wekha.

Tsono imva chimene chandikhalitsa pansi. Lachiwiri ndinapita kuchigayo. Ndinapeza a Belita, amayi ako aakulu, atakhala pathumba lawo ngati a DC, kalata ya mwana wawo Fraser ili pamwendo. Akuwerenga ndi Hilda, mkazi wa a hedi, mokweza mpaka kuposa chigayo. Akuti kuntchito kwanuko, kumene mumakonza matumbo a kompyuta iwe ndi Fraser, kunali kugawa manambala. Fraser wapata 200. Iwe 201. A Belita anangotembenuza khosi, amvekere, "A Ida, mwamva? Wanu ali kumbuyo kwa wanga. Magazi sanama." Amayi onse gwaa kuseka. Ine ufa wanga ndinasenza osaupepeta n'komwe.

Koma chimene chandibaya si chimenecho ayi. Akuti wogawa manambalawo ndi iweyo. Iwe Lingson! Mpeni uli m'manja mwako, nkhuku ili pamaso pako, wadula ntchafu n'kupatsa mwana wa mkazi mnzanga, iwe n'kutsala ndi khosi. Unayamwa bere la ndani kodi?

Ine ndakhala wachiwiri chiyambire. Bambo ako a Eneya anayamba kukwatira kumudzi kwa a Belita, kwathu kuno anabwera pambuyo. Njinga itagulidwa, woyamba kukwezedwa a Belita. Feteleza akabwera, thumba limatsegukira kwa a Belita, kwa ine kumafika kotsala pansi. Ngakhale kumwalira, anakamwalirira kwa a Belita, ine n'kumva ndi anthu odutsa. Kutchalitchi ukudziwa, pabenchi ya amayi achikulire timakhala monga tinalowera mumpingo. Malo a kukhoma, otsamira, oyambitsa nyimbo, ndi a a Belita. Ine pambali pawo, msana uli pamtunda wopanda chotsamira. Ndinkati ndipirire, mwana wanga adzandichotsa manyazi. Lero nawenso wakakhala pambali pa Fraser.

Sindikudziwa kuti manambalawo mumadya kapena mumavala. Koma sinthana naye. Ndikufuna ndisanafe ndipite kuchigayo kuja ndi kalata yanga, Hilda yemweyo aiwerenge mokweza. Kalatayi ndampatsira Hilda, akupita kuboma mawa, akaponya.

Ndine amako,
Ida


Joni
20 Okutobala 2001

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudzi. A Wanangwa, zikomo powerengera amayi, ndipo chonde musadumphe mawu. Ine ndili bwino, Fraser nayenso akupereka moni.

Amayi, kalata yanu ya Julayi yandipeza sabata ino. Chidindo cha positi chikusonyeza kuti inaponyedwa kumayambiriro kwa mwezi uno. Kaya inagona kuti miyezi yonseyi.

Ndifotokoze za manambala. Kampani yathu imapanga makina olumikiza matelefoni. M'kati mwa makinawo muli pulogalamu yaikulu imene timaitcha kenelo. Ganizirani nyumba yosungiramo katundu yokhala ndi makomo ambiri, khomo lililonse ndi ntchito yake ndi nambala yake. Mapulogalamu ang'onoang'ono saloledwa kulowa m'nyumbamo. Akafuna kanthu amagogoda pakhomo. Koma ndi akhungu, amayi. Sawerenga dzina, saona nkhope ya woyankha. Amangodziwa kuti chakuti chimapezeka pa nambala yakuti.

Munthu akamanga khomo latsopano amabwera kwa ine, ine n'kumupatsa nambala yotsatira imene ilibe mwini. Lamulo lake ndi limodzi: womaliza ntchito poyamba ndiye amatenga. Fraser anamaliza khomo lake langa lisanathe. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. 200 si yonona kuposa 201. Palibe amene anakwezedwa kapena kuwonjezeredwa malipiro.

Kalata yanu ikanafika mu Julayi kapena Ogasiti, mwina tikanaseka ndi Fraser n'kusinthana kuti mtima wanu ukhale pansi, chifukwa nthawi imeneyo makina anali asanatuluke. Koma anatuluka mu Seputembala. Panopa ali m'mizinda yambiri, ndipo anthu amene sitikuwadziwa n'komwe alemba mapulogalamu awo ogogoda pa 200 ndi pa 201. Nditasintha lero, wofuna za Fraser adzagwera kwa ine, wofuna zanga adzagwera kwa Fraser, matelefoni n'kuzima. Nambala ikatuluka yatuluka. Ngakhale mwini kampani sangaibweze.

Bulangete ndalipatsira a Gracious a basi, lifika. Za chimanga ndamva, tikambirana ndi Fraser.

Mwana wanu,
Lingson


Kumunsi kwa Michesi
12 Febuluwale 2002

Lingson,

Moni sindichulukitsa, njala yatitsekera pakamwa. Ku admaki anthu akugona pamzere, chimanga osachiona. Ena ayamba kukumba mizu ya nthochi. Bulangete linafika, ndi lofunda, zikomo.

Kalata yako a Wanangwa anandiwerengera kawiri. Poyamba sindinamve. Kachiwiri ndinamva chinthu chimodzi: ikanafika msanga mukanasinthana. Ndinanyamula ndodo ulendo kwa Hilda. Ndinampeza akusita malaya a amuna ake. Ndinati, "Mayi a hedi, kalata yanga munakaponya liti?" Amvekere, "Iii agogo, pepani, inalowa m'kati mwa buku la nyimbo, ndinaiona mochedwa." Buku la nyimbo! Munthu woimba Lamulungu lililonse, kutsegula buku lomwelo, miyezi itatu osaona kalata? Ndinati, "Munaiwala nokha kapena a Belita anakuthandizani kuiwala?" Analira. Alire. Mkazi ameneyu anabwera dzana lomweli kuchokera kwawo ku Ntcheu, koma maso ake ali pabenchi yathu ya kutsogolo, ndikumuona.

A Wanangwa akuti ndisanene za munthu popanda umboni. Lembani, aphunzitsi, pakamwa ndi panga.

Ndiye ukuti munakambirana ndi Fraser za chimanga. Eya, ndinaona kukambirana kwanuko. Thandizo linafikira kwa a Belita, poti kwawo ndi kufupi ndi msewu. Kufupi ndi msewu! Ine n'kulandira gawo langa kuchokera m'manja mwa mkazi mnzanga ngati wopempha. Anabwera okha, atasenza, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, n'kuwonjezerapo makaka awo, chinangwa chouma chija, pamwamba. Amvekere, "Idyani a Ida, mwaonda, anthu angati ndikukulodzani." Ndinalandira, nanga ndikanatani. Makaka ake anali ofumbwa pang'ono, lembani zimenezo.

Kutchalitchi zonse zili momwemo. Azakhali ako a Fibe, alongo awo a bambo ako, maso anatheratu ndipo mutu wayamba kuiwala. Amalowa akupapasa khoma, dzanja likagwera paphewa la a Belita amvekere, "Mlamu wanga weniweni," n'kuwasungitsa ndodo. Weniweni. Ine ndili pompo, phewa ndi phewa. Nanga ine ndine mlamu wapulasitiki?

Iwe ukuti 200 si yonona kuposa 201. Amene amanena choncho ndi amene sanakhalepo wachiwiri. Ngati nambala siibwezeka, chabwino. Koma pa Khirisimasi usabwere kuno ndi 201 wakoyo. Ukafikire kwa a Belita, ndi kufupi ndi msewu.

Ida


Joni
28 Epulo 2002

Amayi,

Moni. Mawu anu omaliza aja anandipweteka, koma ndikudziwa kuti munalankhula ndi njala. Ndikhulupirira chimanga chatsopano chayamba kulowa. Ulendo uno thandizo ndatumiza kudzera kwa a Wanangwa, osati kumsewu.

Pali nkhani imene ndikufuna muimve kwa ine, osati kuchigayo. Khomo la Fraser lapezeka ndi vuto. Si ulesi wake ayi, tonse tinaliyang'ana ndipo tonse sitinaone. Koma munthu wochenjera akagogoda mwanjira ina, khomolo limatseguka lonse, iye n'kulowa m'kati mwa kenelo ngati mbala. Tayesa kulikonza, zakanika, chifukwa vuto lili m'mamangidwe ake enieni. Akuluakulu agamula kuti litsekedwe. Fraser amanga lina, ndipo ndidzampatsa nambala ina kutsogolo, mwina 207. Langa la 201 likugwira bwino.

Fraser sakudya bwino masiku ano. Ntchito ija anaigwira chaka chathunthu. Komanso akuti amayi ake sakupeza bwino chiyambire nthawi ya njala ija, miyendo ikutupa. Chonde amayi, nkhaniyi musakayende nayo. Ngati mungathe, kawaoneni.

Mwana wanu,
Lingson


Kumunsi kwa Michesi
19 Meyi 2002

Lingson mwana wanga, mwana wa m'mimba mwanga,

Moni, moni, moni! Mulungu sagona. A Wanangwa atafika pa mawu akuti litsekedwe, ndinawaimitsa, ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndinaimirira ndi mwendo wanga wodwala womwewu n'kuvina tchopa pakhonde, nkhuku zonse balalabalala. Aphunzitsi akuti si chikhristu. Ndinati aphunzitsi, inu amuna anu ndi anu nokha, simungamve.

Tsono 200 ilibe mwini. Wogawa ndi iwe. Sunabe, sunalande, yagwa yokha ngati bango lakupsa, iyayi, lembani mango. Tola. Nyamula katundu wako pa 201 ukalowe pa 200, undilembere kalata ya zilembo zikuluzikulu.

Unati ndisayende nayo nkhaniyi. Sindinayende nayo kutali, ndinangopita nayo kwa a Belita, poti unati ndikawaone. Ndinavala chitenje chatsopano chija. Njira yonse ndinkakonza mawu m'kamwa. Ndinkati ndikangokhala pansi ndiyambe, "A Belita, magazi sanama."

Ndinawapeza ali pamphasa kuseri kwa nyumba. Lingson, munthu uja watha. Miyendo ngati mitondo, nkhope ngati ya mwana. Anandiona chitenje, anaseka, amvekere, "Mwabwera kudzandiuza za 200? Fraser analemba kale. Nenani, mwayenda mtunda wautali, mawu angakuwawireni m'mimba." Munthu wotani ameneyu, ngakhale chimwemwe changa ayambe ndi iyeyo kuchilawa? Ndinangoti phala mwamwa? Anati ayi. Ana a mng'ono wawo anali kumunda. Ndinakoleza moto, ndinaphika, ndinawamwetsa. Amvekere, "Mchere mwachepetsa, a Eneya ankadandaula zomwezi." Ndinatsala pang'ono kuwathira phalalo kumutu.

Ndikupitako mawa, poti ana aja sadziwa kutembenuza wodwala. Koma iwe za 200 usachedwe. Kalatayi akaponya ndi a Wanangwa eni ake.

Amako,
Ida


Joni
14 Julayi 2002

Amayi aang'ono,

Ndine Fraser. Ndafika bwino kuno. Pamaliro a amayi anga paja anthu anali ambiri, sindinapeze mpata wokhala nanu pansi. Anandiuza kuti masabata omaliza munkagona komweko, kuti munawasambitsa ndinu, ndiponso kuti munakalipira aliyense amene anafuna kukuthandizani. Ndilibe mawu. Amayi anga ankati mukasiya kukangana nawo ndiye kuti mwadwala.

Lingson wandionetsa kalata yanu ya Meyi. Musamukwiyire, ndinachita kumulanda. Akuopa kukuyankhani, ndiye ndayankha ine.

Ndinamuuza kuti ngati akufuna 200 atenge, ine ndilibe nayo ntchito. Anakana, ndipo akulondola. Khomo langa tinatseka, koma kunjaku kukadali mapulogalamu akale amene sakudziwa kuti linatsekedwa. Adzabwerabe, mwina zaka ndi zaka, kudzagogoda pa 200 akufuna zanga. Lingson akakhala pamenepo, iwo sadzaona kuti woyankha ndi wina. Adzampatsa katundu wanga, iye n'kuchita naye za ntchito yake, zinthu n'kuwonongeka popanda wodziwa. Ndiye mwambo wa ntchito yathu ndi wakuti nambala ya khomo lakufa sipatsidwa kwa wina. Imakhala yopanda munthu mpaka kalekale. Wogogoda amangoyankhidwa mawu amodzi, akuti palibe, kuti adziwe n'kukafuna kwina. Amene amayang'anira kuti wina asakhalepo ndi Lingson yemweyo.

Ine anandipatsa 207. Tsopano ndili kumbuyo kwa mwana wanu. Mukhoza kukanena kuchigayo, ndakulolani.

Mwana wanu,
Fraser


Kumunsi kwa Michesi
25 Ogasiti 2002

Lingson,

Moni. Umuuze Fraser kalata yake ndinamva. Umuuzenso kuti kuchigayo ndinapita, kalata ili m'chitenje, koma sindinaitulutse. Ndikanawerengetsa kuti amve ndani? Amayi aja ndi ongoseka, aseka za aliyense. Amene ndinkafuna kuti amve anapita dala asanamve. Ngakhale kumanda wayamba ndi iyeyo, panopa ali ndi bambo ako awiriwiri, ine kuno ndikupalira nandolo.

Nandolo wachita bwino, amwenye a ku Limbe atumiza kale anthu awo ndi masikelo. Mwendo uli chimodzimodzi.

Tsono imva za kutchalitchi. Mwezi wa maliro utatha, amayi a mpingo anati, "A Ida, sendezani, malo a kukhoma ndi anu tsopano." Ndinayamba ndakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu ndinasendeza msanga asanasinthe maganizo. Lingson, khoma lija! Lozizira bwino, losalala, pali kadzenje pamene msana wa a Belita unadya njerwa. Ndinatsamira. Ndinati Ambuye, zaka zonsezi anthu amapemphera chonchi? Nyimbo ndinayambitsa ine. Ndinaikweza kwambiri, amayi anavutika kuifikira, koma ndinayambitsa ine.

Tili m'kati mwa nyimbo yachiwiri, ndinaona a Fibe akulowa mochedwa, akupapasa khoma. Za maliro anawauza, analira nawo, koma mutu wawo susunga kanthu. Dzanja lija linabwera, linabwera, n'kugwera paphewa langa. Amvekere, "Mlamu wanga weniweni." Anandipatsa ndodo. Mtima wanga unati myaa. Mawu amene ndinawadikira chikwatiwire.

Kenako anawerama, pakamwa pafupi ndi khutu langa, amvekere, "Belita, ka Ida kansanje kaja kabwera lero?" Anapitiriza. Amvekere, "Makaka aja munakapatsa? Musaiwale. Paja mumati kakafa ndi njala mudzasowa wokangana naye."

Aphunzitsi, musandiyang'ane, lembani.

Ndinakhala ngati andithira madzi a mu Phalombe m'mwezi wa Juni. Mawu amenewo sanali anga. Moni sanali wanga, ndodo sinali yanga. Ndinali nditakhala m'kadzenje ka msana wa munthu wina, ndikulandira katundu wake. Ndikanayankha kuti eya ndinakapatsa, ndiye kuti Ida wafa, watsala Belita wachiwiri. Zaka zonsezi ndakhala wachiwiri kwa Belita, koma sindinakhalepo Belita. Ndinakumbukira akhungu ako aja ogogoda pa nambala.

Ndinawabwezera ndodo, ndinachotsa dzanja lawo paphewa panga, ndinasendera pamalo anga akale, n'kuligwiritsa khoma. Ndinati, "Palibe, alamu." Anapapasa, anapapasa. Ndinati, "Palibe. Ndine Ida, ndili pano pambali. Bweretsani ndodoyo." Amvekere, "Ida? Wansanje uja?" Ndinati yemweyo. Anandipatsa ndodo. Lamulungu lotsatira anaiwalanso, tinabwereza zomwezo. Lero m'mawa chimodzimodzi. Zikuoneka kuti ndi ntchito yanga tsopano.

Koma satana sachedwa. Sabata yatha ndikulowa, ndinapeza Hilda wayala kale kansalu kake pamalo a kukhoma, akuti, "Agogo, poti inu simukufuna, malo asamangokhala, komanso ine nyimbo ndimazidziwa manambala ake." Ndinatenga kansaluko ndi nsonga ya ndodo n'kukaika pabenchi yachitatu. Ndinati, "Mayi a hedi, malo awa ndawasirira ine musanabadwe. Ngati sindikhalapo ine, sakhalapo munthu." Anakadandaula kwa akulu a mpingo. Akulu anabwera, ndinawafotokozera za 200, za makomo, za akhungu ogogoda. Sindikudziwa ngati anamva, koma anaopa. Panopa ndimafika belu lisanalire, ndimagoneka ndodo yanga pamalopo. Msana ukuwawa ngati kale. Nyimbo ndimayambitsa ndili pamalo achiwiri, ndipo palibe wafa nazo.

Ndiye iwe, 200 ija uilondere. Pasapezeke Hilda wa kumeneko wokuuza kuti malo asamangokhala. Ukadzatopa ntchito, wolowa m'malo mwako umuuzitse.

Za Khirisimasi ndinanena zija, a Wanangwa ndi amene analemba molakwika. Akukana, koma asiye. Bwera ndi 201 wakoyo. Fraser abwerenso, nanga akafikira kuti, kwawo kuja kwatsala ana okhaokha. Ndidzaphika kalongonda, nyemba zathu zija, ndiyamba kumuwiritsa dzulo lake. Koma mumvetsetse bwino awirinu: mukadzatsika njinga, Fraser adzayambe waima panja ndi zikwama. Pakhomo panga udzalowe ndiwe woyamba.

Ndine amako,
Ida